Dublin: mzinda wa mabiliyoni, chimbudzi chimodzi

Kumtunda kwa msewu wa Grafton, kumene oimba a m'misewu amalimbirana makutu a anthu ndi mabelu a sitima za Luas, pafupi ndi chipata cha paki ya St Stephen's Green, pali kanyumba kongoikapo, kopanda chokopa maso. Alendo ambiri amakadutsa osakazindikira n'komwe. Komatu m'chaka cha 2025 kanyumba kameneka kanayambanitsa makhansala ndi akuluakulu a khonsolo ya mzinda wa Dublin, mpaka nkhani yake inamveka pa wailesi ndi m'manyuzipepala a dziko lonse la Ireland. Kanyumbako ndi chimbudzi. Pa nthawiyo chinali chimbudzi chokhacho cha pamsewu chimene khonsolo inkayendetsa pakatikati pa likulu la dzikolo, ndipo akuluakulu a khonsolo anali atalengeza kuti achichotsa.

Zifukwa zawo zinali za ndalama. Anati chimbudzicho chimadya pafupifupi mayuro 400,000 pa chaka, pamene anthu olowamo atsika kuchoka pa 20,000 pa sabata m'chaka cha 2021 kufika pa 1,500. Mukawerengera bwino, ndiye kuti munthu aliyense wolowamo amadyera khonsolo mayuro 5. Makhansala sanamve zimenezo, anthu wamba nawo anadandaula, ndipo posakhalitsa khonsolo inabweza mawu ake n'kulonjeza kuti chimbudzicho chikhalapobe uku ikukonza zomanga zina zokhazikika.

Kuti nkhaniyi imveke kudabwitsa kwake, tikumbukire kuti tikunena za mzinda wotani. M'dera la khonsolo ya Dublin mumakhala anthu oposa 590,000, ndipo m'chigawo chonse cha Dublin muli anthu pafupifupi 1.5 miliyoni, malinga ndi kalembera wa 2022. Makampani a Google ndi Meta ali ndi malikulu awo a ku Ulaya mumzinda womwewu. Mu Seputembala 2024 khoti lalikulu la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya linagamula kuti kampani ya Apple ipereke ku boma la Ireland msonkho wa mayuro 13 biliyoni, ndalama zimene bomalo linakhala zaka zambiri likunena kuti silikuzifuna. Pakati pa msewu wa O'Connell panazikidwa chitsulo chosongoka chotchedwa Spire, chotalika mamita 120, chimene ntchito yake ndi kuonedwa basi. Koma munthu akapanikizika ali patsinde pa chitsulocho, khonsolo ilibe khomo lililonse pamsewupo loti imulozere.

Kale zinalipo

Chopweteka n'chakuti anthu a ku Dublin amalidziwa bwino vuto la zimbudzi, chifukwa agogo awo analilawa. Zaka zoposa 100 zapitazo mzindawu unkatchuka ndi nyumba zothithikana za anthu osauka zimene zinali m'gulu la zoipitsitsa ku Ulaya. Nyumba zikuluzikulu zimene anthu olemera anazisiya zinagawidwa zipinda, banja lililonse chipinda chake chimodzi, momwemo mophikira, momwemo mogona. Kalembera wa 1911 anapeza anthu 835 m'nyumba 15 za mumsewu wa Henrietta. Nyumba ya nambala 14 yokha inali ndi anthu 100, ndipo lero inasandutsidwa malo osonyezerako mbiri ya moyo umenewo. M'nyumba zoterezi mabanja ambirimbiri ankagawana mpope umodzi ndi chimbudzi chimodzi kapena ziwiri kuseri, ndipo usiku anthu ankadalira ndowa.

Kolera anaufikanso mzindawu. M'chaka cha 1832 anapha anthu masauzande. Chimene chinadzathetsa matenda a mtunduwu ndi mipope. M'zaka za m'ma 1860 madzi aukhondo a mumtsinje wa Vartry, ochokera kumapiri a Wicklow, anafika mumzinda, ndipo Sir John Gray amene analimbikira ntchitoyo ali ndi chipilala chake pamsewu wa O'Connell. Kenako mu 1906 inatha ntchito yoyala mipope ikuluikulu ya suweji yonyamula zonyansa kupita nazo ku Ringsend, m'malo moti zizingothiridwa mumtsinje wa Liffey umene umadula mzindawu pakati.

Nthawi yomweyi ndi imene khonsolo, imene kale inkatchedwa Dublin Corporation, inkamanga zimbudzi za aliyense. Zina zinali za pansi pa nthaka: munthu ankatsika masitepe pakati pa mphambano, n'kupeza makoma a matailosi ndi munthu wolembedwa ntchito yoyang'anira. Zinalipo pamsewu wa O'Connell, pamphambano ya Kevin Street, komanso pa College Street, pafupi ndi Trinity College, pamene pali chipilala cha mlakatuli Thomas Moore. Kuima kwa mlakatuli wolemekezeka pamwamba pa malo otayira madzi kunkasekedwa mumzinda monse, ndipo James Joyce anaikamo nthabwala imeneyi m'buku lake la Ulysses la 1922. Mu 1932, pamene Dublin inalandira msonkhano waukulu wa Ukaristia wa mpingo wa Katolika, umene Misa yake ya ku Phoenix Park inasonkhanitsa anthu pafupifupi miliyoni, anaika timipanda tachitsulo totayiramo madzi m'mbali mwa Liffey.

Timipandato tinali ta abambo. Izi n'zosadabwitsa, pakuti m'mizinda ya ku Britain ndi Ireland ya nthawi imeneyo omanga ankaganiza kuti mayi waulemu sakhalitsa m'tauni, ndiye safunika chimbudzi. Mmodzi mwa amene anatsutsa maganizo amenewa anali mwana wa ku Dublin komweku, George Bernard Shaw, amene ali khansala ku St Pancras mumzinda wa London anamenyera nkhondo zimbudzi za amayi, anzake ena akumuseka.

Pofika zaka za m'ma 1970, Dublin inali ndi zimbudzi za aliyense zoposa 60 zokhala ndi anthu oziyang'anira. Zaka za m'ma 1990 zisanathe, zotsala za pakati pa mzinda zinali zitatsekedwa. Za pa College Street zinakhala zokhoma zaka zambiri mpaka zinagumulidwa pomanga njanji yatsopano ya Luas imene inatsegulidwa mu Disembala 2017. Za pa Kevin Street zikadalipo, mpanda wake wachitsulo ukuonekera pamphambano, koma khomo lake n'lotseka.

Chinachitika n'chiyani? Yankho limene khonsolo yakhala ikupereka ndi lakuti anthu ankaziwononga, ndipo zinasanduka malo ogulitsirana ndi kubayirana mankhwala ozunguza bongo. Izi si zabodza. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 heroin anasakaza achinyamata a m'madera osauka a pakati pa Dublin, ndipo chimbudzi chobisika pansi pa nthaka chinali malo abwino kwa munthu wofuna kudzibaya jakisoni osaonedwa. Koma kutseka chimbudzi sikunachize aliyense. Odzibaya aja anasamukira m'tinjira ta kuseri kwa masitolo ndi m'zimbudzi za m'malo odyera, mpaka eni malo ena anayamba kuika magetsi a buluu m'zimbudzi kuti mitsempha isaoneke. Malo oyamba ovomerezeka oti anthu otere azidzibayira pamaso pa anamwino anadzatsegulidwa mu Disembala 2024 ndi bungwe la Merchants Quay Ireland, patapita zaka zambiri za mikangano ndi milandu. Pa zaka zonse za pakatipo, gogo wodwala shuga ndi mayi woyembekezera ndiwo analandira chilango cha mlandu umene sanapalamule.

Ine ndimaona kuti chimene chinapha zimbudzi za Dublin si heroin yekha. Chinazipha ndi kutopa ndi malipiro a munthu wokhala pakhomo. Chimbudzi cha aliyense chimakhala ndi moyo ngati pali munthu wokolopa, woika tishu ndi sopo, woona amene walowa ndi kugogoda ngati wachedwa kutuluka. Mukachotsa munthu ameneyu kuti mupulumutse ndalama, sipatenga miyezi kuti malowo ayambe kununkha ndi kuopsa, kenako anthu abwinobwino amasiya kulowamo, ndipo pamapeto khonsolo imapeza umboni woti chimbudzicho sichikufunika.

Gulani kaye khofi

Khonsolo itachotsapo dzanja, udindo unagwera eni mabala, malo odyera, mahotela ndi masitolo akuluakulu, popanda wowapempha kapena kuwalipira. Munthu wobadwira ku Dublin ali ndi mapu akeake m'mutu: sitolo iti ili ndi chimbudzi pansanjika yachitatu, hotela iti salondalonda olowa, bala iti ili ndi khomo la m'mbali loti ungalowe wogulitsa mowa osakuona. Amaphunzitsana zimenezi pachibale ndi pachinzake. Mlendo alibe mapu amenewa.

Eni malo nawo anatopa. Pamakomo ambiri pali zikwangwani zonena kuti chimbudzi ndi cha makasitomala okha. Kwina loko wake ndi wa manambala, ndipo manambalawo amalembedwa pa lisiti, kutanthauza kuti ugule kaye khofi wa mayuro 3 kapena 4 ndipo upeze mpumulo. Khofiyo akatsika, vuto lija labwereranso. M'malo ena akuluakulu ogulitsira zinthu muli kachipata kofuna masenti. Sitingawadzudzule kwambiri anthu amenewa: madzi, tishu ndi wokonza amalipira okha, ndipo msonkho wa bizinesi amapereka kukhonsolo komweko kumene kunatseka zimbudzi.

Koma dongosolo lotere lili ndi tsankho losalembedwa. Bambo wovala jekete yabwino amalowa mu hotela ali ndwii, mlonda n'kumutsegulira chitseko. Mnyamata wonyamula chikwama chogonera, amene wagona pakhonde la sitolo, amabwezedwa asanatsegule pakamwa. Pakati pa awiriwa pali anthu ambiri amene ntchito yawo ndi ya pamsewu: oyendetsa mabasi ndi matakisi, anyamata operekera zakudya pa njinga amene ambiri ndi ochokera ku Brazil ndi mayiko ena, osesa m'misewu, amayi ogulitsa maluwa pa Grafton ndi ogulitsa zipatso pa Moore Street. Munthu wogwira ntchito panja tsiku lonse sangagule khofi nthawi iliyonse imene thupi lamuitana. Chimene ambiri amachita ndi kusamwa madzi, ndipo madokotala amachenjeza kuti kutero, pamodzi ndi kusunga mkodzo nthawi yaitali, kumabweretsa matenda a chikhodzodzo.

Ndiye pali odwala. Bungwe la Crohn's and Colitis Ireland limapereka kakhadi kwa mamembala ake, anthu amene matenda a m'matumbo sawapatsa mphindi zodikira, koti aonetse m'sitolo popempha chimbudzi. Kakhadiko si lamulo, mwini sitolo akhoza kukana. Tangoganizani munthu wamkulu, mwina mphunzitsi kapena agogo a ana asanu, akutulutsa khadi pamaso pa mtsikana wa pakauntala kufotokoza za m'mimba mwake, anthu ali pamzere kumbuyo. Ambiri amasankha kungokhala pakhomo. Okalamba ambiri amateronso, ndipo m'dziko limene limadandaula kwambiri za kusungulumwa kwa okalamba, n'zodabwitsa kuti nkhani ziwirizi sizikambidwa pamodzi kawirikawiri.

Usiku nkhani imasintha fungo. Mabala a ku Temple Bar ndi a mumsewu wa Camden akatseka, anthu masauzande amene akhala akumwa mowa kuyambira madzulo amatulukira pamsewu nthawi imodzi, kudikira basi kapena takisi. Zotsatira zake zimaoneka m'mawa m'tinjira ndi pamakomo a masitolo, antchito akuthira madzi ndi mankhwala asanatsegule. Apolisi a Garda akhoza kumugwira munthu wotayira madzi pakhoma, koma funso loti akanapita kuti silikhala ndi yankho.

Mliri unavundukula zonse

Pa 15 Malichi 2020 boma linapempha mabala onse kuti atseke chifukwa cha Covid-19, ndipo posakhalitsa malo odyera ndi masitolo ambiri anatsatira. Tsiku limenelo Dublin inazindikira kuti zimbudzi zake zonse zinali za eni. Anthu osowa pokhala, operekera katundu, ngakhale anamwino opita kuntchito, analibe kolowera. Mu Juni chaka chomwecho khonsolo inaika zimbudzi zongoyembekezera pamalo awiri: ku Wolfe Tone Square kumpoto kwa mtsinje, ndi kumtunda kwa Grafton kuja. Inaikapo alonda ndi okonza, ndipo anthu anaima pamizere kuzigwiritsa ntchito. Zinali zaukhondo, zaulere, ndipo zoopsa zimene zinkanenedwa zija sizinalepheretse kuti ziyende. Kusiyana kwake ndi zakale zija kunali kumodzi: panali anthu pakhomo.

Chaka chotsatira boma linauza anthu kuti azicheza panja, poti m'nyumba ndimo matenda amafalikira. Anthu anamvera. Anadzaza m'mapaki, m'mbali mwa ngalande ya Grand Canal ndi mumsewu wa South William, zakumwa zili m'manja. Ku Portobello eni nyumba anadandaula kuti makomo ndi timinda tawo tasanduka zimbudzi, ndipo mu Meyi 2021 khonsolo inatchinga bwalo la pamenepo ndi mpanda kumapeto a sabata. Kumapeto kwa mwezi womwewo mkulu wa zaumoyo m'dzikolo, Dr Tony Holohan, analemba pa Twitter kuti wadabwa ndi chinamtindi chimene anachiona pakati pa mzinda. Anthu anamuyankha kuti munatiuza nokha kuti tikhale panja, nanga mabini ndi zimbudzi zili kuti? M'masiku ochepa khonsolo inabweretsa zimbudzi zapulasitiki zonyamulika 150. Chimene chinakanika zaka zoposa 20 chinatheka sabata imodzi nkhani itafika pa manyazi.

Mliri utatha, zapulasitiki zija zinanyamulidwa, za ku Wolfe Tone Square zinachotsedwa, n'kutsala cha pa Grafton chokha. Kutsika kwa chiwerengero cha olowamo kumene khonsolo inkanena mu 2025 kunali koona, poti mabala ndi masitolo anali atatsegulanso. Koma taganizani kuti anthu 1,500 otsalawo ndi ati. Ambiri mwa iwo ayenera kuti ndi aja amene alibe mayuro a khofi, kapena amene mlonda wa pahotela sangawalole. Ndipo kuwerengera chimbudzi phindu n'kulakwitsa funso. Palibe amene amafunsa kuti getsi la mumsewu lapindula zingati mwezi uno.

Matenti a pa Mount Street

Pamene kusowa kwa zimbudzi kunafika poipa zedi ndi pa Mount Street, mtunda wongoyenda pansi kuchokera kunyumba ya malamulo. Kuyambira mu Disembala 2023 boma la Ireland linanena kuti lilibe malo ogoneka amuna onse obwera okha kudzapempha chitetezo ngati othawa kwawo. Amunawo, ochokera m'mayiko a mu Africa, Asia ndi kwina, anakhoma matenti kuzungulira ofesi ya International Protection Office kumene mapepala awo ankaunikidwa. Matenti anachuluka, m'nyengo yozizira ndi yamvula, popanda mpope kapena chimbudzi chokwanira. Mabungwe othandiza anachenjeza za mphere ndi matenda ena. Pa 1 Meyi 2024 boma linasamutsa anthuwo n'kupita nawo ku Crooksling ndi ku Citywest, koma ena anakakhomanso matenti m'mbali mwa Grand Canal, ndipo kumenekonso yankho linali mipanda yachitsulo yotalika makilomita.

Eni dziko osowa pokhala ali m'mavuto omwewo. Pofika kumapeto kwa 2024 anthu okhala m'malo ogona ongoyembekezera m'dziko la Ireland anapitirira 15,000, ambiri mwa iwo ali ku Dublin, osawerengera ogona pamsewu. Amene amawapatsa posamba ndi podzithandizira ndi mabungwe achifundo, monga Capuchin Day Centre ya pa Bow Street imene Brother Kevin Crowley anayambitsa mu 1969. Koma malo oterewa ali ndi maola ake otsegulira, pamene thupi silidziwa maola.

Pali mbali imodzi imene Ireland yasunthako, ndipo tiyenera kuiyamikira. Chimbudzi wamba cha anthu aulumali, chija chokhala ndi chitseko chachikulu ndi zogwirira, sichithandiza munthu amene sangathe kudzinyamula yekha kuchoka pa njinga yake. Makolo a ana akuluakulu aulumali akhala akufotokoza momwe amawagonekera pansi m'chimbudzi kapena kumbuyo kwa galimoto kuti awasinthe thewera. Gulu la Changing Places Ireland linalimbikira zipinda zokhala ndi bedi losinthirapo munthu wamkulu, makina omunyamulira ndi malo okwana omusamalira awiri. Zipinda zotere zilipo tsopano kubwalo la ndege la Dublin, ku Trinity College ndi ku National Gallery, ndipo kuyambira mu Januwale 2024 malamulo a zomangamanga amafuna kuti nyumba zina zikuluzikulu zatsopano zizikhala nazo. Amalawi ambiri amene ali ku Ireland amagwira ntchito yosamalira okalamba ndi aulumali, ndipo iwo ndi mboni kuti ulendo wopita m'tauni ndi munthu wa panjinga umayamba ndi funso loti tikamusinthira kuti.

Mizinda ina ya ku Ulaya inasankha njira zina. Paris ili ndi zimbudzi za pamsewu zodzitsuka zokha zoposa 400, ndipo kuyambira 2006 ndi zaulere. Makhonsolo ena a ku Britain ndi Germany amalipira eni mabala ndi malo odyera kandalama pa chaka kuti alole aliyense kulowa osagula kanthu, n'kumata chizindikiro pawindo. Njira yachiwiriyi ikanayenera Dublin, mzinda wa mabala pangodya iliyonse, chifukwa zimbudzizo zilipo kale, chosowa ndi chilolezo.

Nanga kwathu?

Mmalawi wowerenga izi akhoza kuseka kuti azungu akulira ndi chiyani, abwere adzaone depoti ya Lilongwe kapena msika wa Limbe dzinja likafika. Ndipo n'zoona kuti mavuto awiriwa salingana kulemera. Ku Dublin munthu akatayira madzi pakhoma, chotsatira ndi fungo ndi manyazi, poti madzi akumwa amabwera m'mipope yotetezeka. Kwathu zonyansa za kuseri kwa msika zimatsikira mumitsinje ya Lilongwe ndi Mudi, kumene ena amachapa, ena amatsuka ndiwo zamasamba zogulitsa. Kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022 anagwira anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iye. Ife kusowa kwa chimbudzi timakuwerengera kumanda.

Komabe pali chimene Dublin ikutiphunzitsa pa chizolowezi chathu chonena kuti vuto ndi ndalama. Uwu ndi mzinda umene ndalama zilipo zosefukira, koma unakhala zaka zoposa 20 wopanda chimbudzi cha pamsewu pakati pake, chifukwa panalibe wofuna kusenza ntchito ya tsiku ndi tsiku. Kumanga n'kosavuta, ndipo kumakoma: pamakhala nduna, riboni, atolankhani ndi magule. Chovuta ndi chaka chachiwiri, bilu ya madzi ikabwera, mpope ukathyoka, thanki ikadzaza. Ndani mwa ife sanaonepo chimbudzi chokongola cha pamsika, chomangidwa ndi thandizo lakunja, dzina la bungwe lili pakhoma, koma pachitseko pali loko wadzimbiri, anthu akudzithandiza kuseri kwake? Ndipo pakhoma lapafupi pamakhala palembedwa kuti osakodza pano, ndi chindapusa chake, ngati kuti chikwangwani chingatseke chikhodzodzo.

Chodabwitsa n'chakuti chinthu chimene Dublin inataya, ife tikadali nacho. Ndi bambo kapena mayi uja wokhala pakhomo la chimbudzi cholipira, patebulo pali timapepala ta tishu todulidula, pambali pali mgolo wa madzi ndi kachitini. Timamuderera, ena samupatsa n'komwe moni, koma chimbudzi chimene iye alipo chimatseguka m'mawa uliwonse. Vuto la dongosolo lathu ndi lakuti malipiro ake amachokera m'thumba la wopanikizika. Venda amene amakhala pamsika kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, mayi wa ana atatu amene akudikira basi, mwana wa mumsewu, onsewa akawerengera ndalama ya pakhomo kangapo pa tsiku amasankha ngalande. Mavenda amadula kale ziphaso tsiku lililonse. Makhonsolo athu atapatula gawo lodziwika la ndalama za ziphasozo kuti lizilipira woyang'anira chimbudzi, madzi ndi sopo, n'kumalengeza poyera kuti zalowa zingati ndipo zagwira ntchito yanji, khomo likhoza kukhala laulere kwa ana, amayi oyembekezera ndi okalamba popanda kudikira thandizo lochokera kunja. Makhansala amene timawasankha ndi oyenera kufunsidwa zimenezi pamisonkhano yawo, monga anzawo a ku Dublin anaumirizira akuluakulu a khonsolo kubweza mawu mu 2025.

Kwa inu amene mukukonzekera ulendo wa ku Dublin, kaya wa sukulu, wa ntchito kapena wokaona abale, sungani malo awa. Ku National Gallery pa Merrion Square ndi ku National Museum pamsewu wa Kildare kulowa ndi kwaulere ndipo zimbudzi zake ndi zaukhondo. Masiteshoni a sitima a Connolly ndi Heuston ali nazo, chimodzimodzi depoti ya mabasi ya Busáras ndi malo akuluakulu ogulitsira zinthu a mumsewu wa Henry ndi wa Mary. Mukakhala ndi mwana wamng'ono kapena munthu wachikulire, pemphani mwaulemu pabala iliyonse masana, ambiri sakana. Koma nyumba zoonetsera zakale ndi masitolo zimatseka madzulo, choncho ngati mukhale m'tauni mpaka usiku, dzithandizeni musanachoke pamene mwadyera, ndipo m'thumba musasowe mayuro angapo ogulira chakumwa.